Ndinachapa Laputopu ya Malemu

Za makompyuta m'nyumba mwathu ankadziwa ndi akazi anga. Ine ndinali mphunzitsi wa choko ndi bolodi, ndipo ndinapuma pantchito ndisanatumizepo kalata ngakhale imodzi pa makina. Iwo ankatayipa mu ofesi ina pa Ntchisi boma, ndipo atatsala pang'ono kupuma anadzigulira laputopu yakale kwa mnzawo wa kuntchito. Inali yolemera, batire lake losachedwa kutha, batani limodzi litaguluka ngati dzino la nkhalamba. Ankaitchaja pa sola imene tinaika padenga. Dzuwa likabisala masiku awiri, m'nyumba munkabuka mlandu wakuti tiyambe kutchaja chiyani, wailesi yanga kapena laputopu yawo. Wogonja ndinkakhala ine.

Tinalibe mwana. Awiri amene Mulungu anatipatsa anawatenganso asanayambe n'kuyenda komwe, choncho panalibe dzina la mwana loti azindiitanira. Ankangonditchula kuti aphunzitsi, akakondwa ngakhale akakwiya, ndipo ine ndinkadziwira pa kakokedwe ka mawu kuti lero kwacha bwanji. Ndinali mkamwini kwawo, mudzi wa m'tsinde mwa phiri, ulendo wa ola limodzi pa njinga kuchokera paboma. Ndinakhalako zaka zoposa makumi atatu, mpaka ndinaiwala kuti munda umene ndinkalima sunali wanga.

Mu laputopu muja ankaponyamo chilichonse. Zithunzi za ukwati wathu zitayamba kusuluka, anazijambulanso ndi foni n'kuzilowetsa momwemo, ndipo anachita bwino chifukwa alubamu yake inadzadyedwa ndi chiswe. Munali amayi a chigwirizano atavala yunifolomu, nkhumba zawo, mtedza uli pa mphasa. Munali mavidiyo a kwaya ya kutchalitchi kwathu, iwo kutsogolo pa mzere wa aluto, ine kumbuyo kwa abambo a besi. Munalinso chithunzi changa ndikugona pampando kukamwa kuli yasa, chimene ankandiopseza nacho kuti ndikadzawalakwira adzakachionetsa kwa akulu a mpingo.

Mwezi umene anayamba kudwala ndi umene anagula kabokosi kakuda, kokwana m'chikhatho, kokhala ndi kachingwe kafupi. Ankakatchula kuti ekisiteno.

"Iyi ndi nkhokwe ya laputopu, aphunzitsi," anatero. "Makinawa akalamba, tsiku lina sadzayaka. Tabwerani ndikuonetseni kasungidwe kake."

Ndinabwera, koma khutu limodzi linali ku wailesi. Ndinaona polowetsa chingwe, ndinaona mmene amasankhira mafoda, ndinamvanso kuti kabokosiko sikafuna kugwedezedwa, kazigwiridwa ngati dzira. Zina zimene ananena zinangondidutsa. Anati tidzamaliza akapeza bwino, n'kukabwezera m'katoni kake kali kopanda kanthu.

Sanapeze bwino. Tinawaika m'manda chilimwe chitayamba kutentha, udzu wa m'phiri utapsa kale.

Kwawoko katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka tsiku limene abale apangana kudzagawana. Alongo awo aakulu, amene anali mwini mbumba, anaika zonse m'kachipinda kakang'ono, kutseka, kiyi n'kundisungitsa ine ndemwe posonyeza kuti amandikhulupirira. Sanali munthu wovuta. Mwezi wathunthu ndinkadutsa pa chitseko chimenecho m'mawa ndi madzulo, kiyi ili m'thumba, osatsegula. Anthu ankabwera kudzandizonda masiku oyamba, kenaka anayamba kuchepa, poti aliyense anali ndi munda wake woti asose.

Kutatsala masiku awiri kuti agawane katunduyo, amayi a m'banjamo anabwera kudzachapa. Mwambo wake ndi womwewo, chovala cha malemu sachipereka kwa munthu wina chisanachapidwe. Anapisa m'matumba monse, anamasula mfundo za m'makona mwa zitenje, anakutumula zikwama. Zimene ankapezamo, mabatani, timapepala ta kuchipatala, singano yobayidwa pa kansalu, ankaziika m'mbale n'kundipatsa ine. Pofika masana bwalo lonse linali zovala za akazi anga, zina pa chingwe, zina pa mpanda, mphepo ikuzikupiza. Ndinayang'anako kamodzi, sindinabwerezenso.

Tsiku lomwelo ndinamva kuti laputopu ipita kwa mng'ono wawo, mlamu wanga, mphunzitsi wa ku sekondale amene ankaifunadi pa ntchito yake. Sindinatsutse, kunali kugawa kwabwino. Koma zimene zinali m'kati mwake palibe amene anaziganizira. Ndinapita kwa alongo awo n'kuwauza kuti mu makinamo muli zithunzi zathu.

"Palibe vuto, alamu," anatero. "Chotsanimo zanuzo. Mwini wake watsopano alandire ili yoyera."

M'mawa mwake ndinakhala pakhonde, laputopu pa katebulo, chingwe cha sola chitadutsa pa windo. Ndinalowetsa kabokosi kaja, kanayatsa kanyali kake n'kuyamba kunjenjemera pang'ono pansi pa chala changa. Ndinasankha mafoda onse monga anandionetsera. Makina anandipatsa njira ziwiri, kukopera kapena kusamutsa. Chizungu ndimachidziwa, ndachiphunzitsa zaka zambiri, ndiye sindinganame kuti mawu anandisokoneza. Ndinasankha kusamutsa ndikudziwa chimene ndikuchita.

Ndinaganiza ngati mlimi, kuti chimanga chikalowa m'nkhokwe sichitsalanso kumunda. Ndinaganizanso za amayi aja akupisa m'matumba, ndipo ndinaona kuti nane ndiyenera kuchapa gawo langa. Koma chifukwa chenicheni, chimene ndachivomera mochedwa, n'chakuti ndinali ndi nsanje. Nyumba inali ya mbumba, munda wa mbumba, manda a mbumba, ngakhale mpango wa kumutu unali utapeza kale mwini wake. Ndinkafuna kanthu kamodzi ka akazi anga koti kakhale kanga ndekha.

Kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono tsiku lonse. Mafoda ankasowa limodzilimodzi, la ukwati, la kwaya, la nkhumba. Batire likafooka ndinkatseka makina n'kudikira kuti sola idzazeko. Ndinamaliza mthunzi wa phiri utafika pabwalo. Ndinatsegula ndi kadzala komwe, kamene makina amatayamo zofufutidwa, n'kukhuthula. Kenaka ndinapukuta galasi ndi kansalu, ndili wokhutira ngati munthu amene wagwira ntchito yotamandika.

Pa tsiku logawana anthu anayamba ndi pemphero. Zovala zinapita, ziwiya zinapita, laputopu inapita kwa mlamu wanga. Akuluakulu anandisudzula ndi mawu abwino. Anati ndinawasungira mwana wawo, ndine mfulu tsopano, ndipo ngati ndikufuna kukhala palibe amene andithamangitse. Ndinathokoza. Tonse tinkadziwa kuti mawu omalizawo ndi aulemu chabe. Mvula isanayambe ndinakweza mabuku, bedi, njinga ndi wailesi pa kalole, kabokosi kali m'thumba la m'kati la jekete, n'kubwerera kwathu ku Bowe, m'boma la Dowa.

Kwathu ndinapeza kuti ndine mlendo kuposa kumene ndinachokera. Anzanga a ubwana ambiri anali kumanda, otsalawo ankandiitana kuti a ku Ntchisi. Ana a mlongo wanga anandikonzera kanyumba kumapeto kwa mudzi, ndipo amandisamala, sindingawanenere zoipa. Koma akazi anga sankawadziwa kwenikweni. Ndikayamba kuti malemu ankakonda kunena zakutizakuti, ankamvetsera mwaulemu, maso ali kwina. Ndinaphunzira kusunga nkhani zanga m'mimba.

Ndi kumeneko kumene ndinazindikira uchitsiru wanga woyamba. Ndinali ndi kabokosi, koma ndinalibe kompyuta. Ndinakatulutsa m'jekete, kukatembenuza uku ndi uku, kalibe galasi, kalibe potsegula. Munthu wophunzitsa ana a eni ake kuganiza, ndinasenza nkhokwe yopanda khomo kuchokera ku Ntchisi mpaka ku Dowa. Ndinadziseka ndekha m'nyumbamo, ndipo kuseka kwake sikunathe bwino.

Mwezi uliwonse ndinkapita ku Madisi kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kufupi ndi msika kuli kashopu kobenera nyimbo ndi kukonza mafoni, mwini wake bambo wa imvi za m'mbali, wosalankhulalankhula. Ulendo wina ndinalimba mtima n'kulowa. Ndinamufotokozera, iye sanafunse zambiri. Anatsitsa sipika imene inkasokosa pakhomo, kundikokera benchi pakona, n'kulowetsa kabokosi mu kompyuta yake. Akazi anga anatulukira pa galasi atanyamula kamwana ka nkhumba, akuseka. Ndinakhala pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi.

Chinakhala chizolowezi. Ndikachoka kuchipatala ndinkadzera kushopu, theka la ola kapena kuposerapo. Tsikuli ndinkalikonzekera ngati ndikupita kukaona chibwenzi, kumeta ndevu, kusita malaya. Zithunzi ndinkazidya pang'onopang'ono kuti zisathe msanga, foda imodzi pa ulendo. Vidiyo ya kwaya ndinkaisungira kumapeto.

Ulendo wachitatu bambo uja anandifunsa, "Kodi madala, zinthuzi zili kwinanso?"

"Ayi, zili muno mokha."

"Si bwino zimenezo. Ma ekisitenowa amafa osatsanzika, makamaka akamayenda pa msewu wanuwo. Bwanji ndikukopereni pa kompyuta yangayi? Sindikulipiritsani."

Ndinakana. Kompyuta yake inali yodzaza ndi mavidiyo a anthu ovina atavala zosalongosoka, ndipo aliyense wobwera ndi memore khadi ankasuzumiramo. Sindinafune kuti mayi wa chigwirizano akhale pakati pa zimenezo. Ndinamuyankha mwa uphunzitsi, momveka bwino, ngati ndikudzudzula mwana. Iye anangogwedeza mutu n'kupitiriza kumasula foni ya munthu.

Mvula ya chaka chimenecho inakumba msewu wathu. Tsiku lina mu Febuluwale ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, kabokosi kali malo ake a nthawi zonse m'jekete. Potsetsereka pa kamtsinje kena tayala lakumbuyo linaterera, tonse awiri tinapezeka pansi. Sikunali kugwa koopsa. Wakabaza anandidzutsa akupepesa, ine ndinangosupuka chigongono ndi kudetsa buluku. Koma ndinagwera mbali ya thumba lija, pa mwala. Kuchipatala sindinapiteko tsiku limenelo, ndinalunjika kushopu matope ali thupi lonse.

Kanyali kanayaka. Pa galasi sipanatuluke kanthu. M'kabokosimo munkamveka kaphokoso kakuti tche, tche, tche, kenaka zii, kenaka kuyambiranso. Bambo uja anakaika kukhutu, anasintha chingwe, anayesa pa kompyuta ina. Anandifotokozera kuti m'katimo muli kambale kozungulira ndi kasingano kowerenga, ndipo ziwirizi zikagundana nkhani imakhala yovuta. Sanandikumbutse zimene anandiuza kale zija, ngakhale ndinkayembekezera kuti atero. Anakatenga popita ku Lilongwe kukapikula katundu wake, kukaonetsa kwa odziwa. Patapita milungu iwiri anandibwezera m'manja, ndipo nkhope yake inandiuza zonse asanatsegule pakamwa.

Maliro achiwiriwa ndinalira ndekha. Palibe amene amabwera kudzakupepesa chifukwa cha kabokosi, ndipo ukati ufotokoze umaoneka ngati mutu wayamba kusokonekera. Ndinagula kope n'kuyamba kulemba zithunzi zimene ndinkakumbukira, ichi anavala chakuti, anaima pakuti. Nkhope ndinkaionabe ndikatsinzina. Chimene chinayamba kuthawa ndi mawu awo. Ndinkayesa kumva mmene ankanenera kuti aphunzitsi, koma m'mutu munkamveka mawu anga omwe ndikuwayeserera. Zimenezi zinandiopsa kuposa imfa yawo. Ndinasiya kupita ku kwaya, ndipo wailesi inkakhala masiku osatsegulidwa.

Zinanditengera mwezi kuti ndimuimbire foni mlamu wanga. Kale ine ndi iye tinkaserewulana kwambiri, monga zimakhalira pa chilamu, koma chichokereni ku Ntchisi tinali tisanalankhulane. Nditamupatsa moni ndinazungulirazungulira, za mvula, za fetereza, kenaka ndinafunsa ngati mu laputopu muja munatsalako kanthu.

"Kanthu kanji, alamu? Si munachapa inu nomwe? Ndinailandira ili mbee, ngati mbale yonyambita galu."

Ndinamuuza za kabokosi.

"Tsiku limene ndinafika nayo kunyumba ndinaitsegula ndisanavule nsapato," anatero. "Ndimati ndiwaone achemwali anga. Ndinafufuza paliponse, osapeza ngakhale chithunzi chimodzi. Inu munataya mkazi, ndikudziwa. Koma ine anandilera ndi iwo aja, alamu. Munaganizako zimenezo?"

Sindinaganizeko. Ndinamuuza choncho, ndipo ndinapepesa popanda kudzikometsera. M'miyezi yonse ija ndinkadziona ngati wolandidwa, osadziwa kuti nanenso ndinalanda.

Anausa moyo. "Chilipo chimodzi chimene munachiphonya. Pulogalamu yojambulira mawu imasunga zake pa kona ina, bulashi yanu siinafikeko. Ndinachipeza kalekale. Sindinakuuzeni chifukwa ndinali nditakwiya, ndimati nanenso ndikhale ndi changa. Mvula ikatha ndibwera nacho."

Anabweradi, chimanga chitayamba kuuma. Anatsika pa kabaza akudandaula za msewu, n'kundiuza kuti ndaonda ngati ndodo yolozera pa bolodi. Tinakhala pakhonde, anaika laputopu pa mpando, batani lija likadali loguluka. Anadina, n'kupinda manja.

Poyamba kunamveka nkhuku. Kenaka munthu anakonza kukhosi kawiri, ndipo ndinawazindikira asanayambe n'kuimba komwe. Ankayeserera nyimbo ya kwaya ya nyengo ya Pasaka, mzere wa aluto wokha, monga ankachitira akafuna kudzimvera ngati akukhoza. Mawu awo anali otsikirapo kuposa mmene ndinkawakumbukira. Nyimboyo ili ndi malo pamene amayi amaima, abambo n'kuyankha okha, amayi n'kulandiranso. Atafika pamenepo anasiya.

"Aphunzitsi," anaitana. "Tabwerani mudzalowe apa, ndikufuna ndimve polandirira."

Chapatali kunkamveka wailesi, mpira uli m'kati. Ndiye kunamveka mawu a mwamuna, aulesi, ochokera panja.

"Ndikubwera."

Anadikira. Nkhuku zinapitiriza zawo, wailesi inapitiriza zake. Kenaka chala chinayamba kugogoda tebulo, kuwerenga mzere wa abambo umene panalibe wouimba. Chitamaliza anausa moyo kamodzi, pang'ono chabe, n'kulandira nyimbo mpaka kumapeto. Mwamuna uja sanabwere.

Tsikulo sindikulikumbukira n'komwe. Sindikudziwa kuti ankasewera ndi matimu ati, kapena amene anapambana. Mlamu wanga anayang'ana kumunda kuti ndipukute m'maso momasuka, iyenso akupukuta ake ndi nsonga ya chitenje chimene ndinachizindikira.

Asanabwerere anandikoperera mawuwo pa memore khadi ya foni yanga, ake anatsala mu laputopu, ena anaika mu foni yake. Ulendo wotsatira wa ku Madisi ndinapita kwa bambo wa kushopu uja, chipewa chili m'manja, n'kumupempha kuti asungeko nayenso. Anapanga foda yakeyake, kutali ndi ovina aja. Kabokosi kakufa kaja ndinalephera kukataya. Kali m'sutikesi, pamodzi ndi mabatani ndi singano ija.

Masiku ano dzuwa likapendeka ndimakhala pakhonde n'kuika foni pa bondo. Nkhuku zimalira, iwo amakonza kukhosi, n'kuyamba mzere wawo. Akafika paja amandiitana, ndipo mwamuna wa wailesi uja amayankha kuti akubwera. Ine sindimudikira. Chala chikangoyamba kugogoda tebulo ndimalowa ndi besi yanga yosasayi, ndipo odutsa m'njira anazolowera, safunsanso. Ndikamaliza mzere wa abambo amalandira pa nthawi yake, osachedwa, osafulumira. Koma asanalandire amausabe moyo kamodzi, monga anachitira tsiku lija, ngakhale ndiimbe bwino chotani.